Syncthing-Fork pa foni ya Android: ndi yabwino, koma kusanthula koyamba kumafuna kukonzekera

Syncthing ndi pulogalamu yaulere yomwe ntchito yake ndi imodzi, kuonetsetsa kuti foda ya pa foni ndi foda ya pa kompyuta zili ndi zinthu zofanana nthawi zonse. Mukajambula chithunzi, chimakapezeka chokha pa laputopu. Mukakonza lipoti pa laputopu, foni imalandira lokonzedwalo. Mafayilo amachoka pa chipangizo china kupita pa chinzake mwachindunji, sasungidwa pa seva ya kampani iliyonse, ndipo zipangizo ziwirizo zikakhala pa Wi-Fi imodzi kapena pa hotspot, bandulo siidyedwa. Kuno ku Chigwa cha Shire, komwe madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anaononga katundu wa anthu ambiri, si nzeru kusunga ntchito yonse mu foni imodzi, kaya ndinu mlangizi wa zaulimi ku Ngabu, wojambula maukwati pa Nchalo kapena mphunzitsi ku Bangula. Kwa anthu otere pulogalamuyi tikuivomereza. Chovuta n'chakuti ambiri amaichotsa tsiku loyamba lomwelo. Akangowonjezera foda, pa sikirini pamalembedwa Scanning, peresenti n'kumakwera mwaulesi kwa maola, foni ikutentha, ndipo fodayo siilandira kalikonse mpaka kusanthulako kutatha.

Amene anayambitsa Syncthing ndi Jakob Borg mu 2013. Pulogalamu yake yovomerezeka ya pa Android inasiya kukonzedwa mu Disembala 2024, ndiye yomwe tikukamba pano ndi Syncthing-Fork, yopezeka pa F-Droid, sitolo ya mapulogalamu aulere a Android. M'kati mwake ndi Syncthing yomweyo, kungoti awonjezera zoyendetsera nthawi imene iziyaka ndi kuzima pa foni.

Chimene foni imakhala ikuchita

Kusanthula koyamba kuli ndi magawo awiri, ndipo mukapanda kudziwa gawo lomwe likukuchedwetsani mudzasintha zinthu zosathandiza. Gawo loyamba, pulogalamu imalowa mu foda ndi timafoda tonse ta m'kati, n'kulemba dzina la fayilo iliyonse, kukula kwake ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza. Gawo lachiwiri imawerenga fayilo iliyonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kuigawa m'zidutswa za 128 KiB, ndipo chidutswa chilichonse imachiwerengera chidindo cha SHA-256, nambala yaitali yozindikiritsa zam'kati mwake. Chithunzi cha 4 MB chimatuluka zidutswa pafupifupi 32. Mafayilo opitirira 250 MB amapatsidwa zidutswa zokulirapo, mpaka 16 MiB pa mafayilo akuluakulu zedi. Zili ngati pa msika wa thonje: kuwerenga mabelo sikuchedwa, chimene chimadya tsiku ndi kukweza belo lililonse pa sikelo.

Zidindo zimenezi ndi zomwe zimapangitsa Syncthing kukhala yodalirika. Ndi zomwe imagwiritsa ntchito podziwa kuti fayilo yafika yathunthu, kuti chithunzi chomwe mwasintha dzina n'chomwecho ndipo palibe chifukwa chochitumiziranso, komanso kuti kutumiza kukadukira pakati ipitirize pomwe inalekezera. Palibe batani lozimitsira gawo limeneli, ndipo amene angakuuzeni kuti lilipo akukunamizani. Chomwe mungachite ndi kuchepetsa katundu woti awerengedwe ndi kuipatsa foni mpata wowerenga mosadodometsedwa.

Masamu ake ndi osavuta. Foda ya 20 GB ikamawerengedwa pa liwiro la 20 MB pa sekondi imatha m'masekondi 1,000, pafupifupi mphindi 17. Liwiro likatsika kufika pa 5 MB pa sekondi, foda yomweyo imapitirira ola. Kuti muone gawo lomwe muli, tsegulani Web GUI, tsamba loyendetsera Syncthing, kuchokera pa mndandanda wa m'mbali mu pulogalamuyi. Ngati pakungolembedwa Scanning popanda peresenti, pulogalamu ikadali kulemba maina, ndiye vuto lanu ndi kuchuluka kwa mafayilo. Peresenti ikayamba kuoneka, pamodzi ndi nthawi yotsala, ndiye kuti yayamba kuwerenga zam'kati, ndipo apa zomwe zikulamulira ndi liwiro la posungira ndi mphamvu ya purosesa.

Gawo loyambali limapweteka kwambiri pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo. Kuyambira pamenepo, pempho lililonse lofunsa za fayilo m'malo osungira zinthu wamba limadutsa pa chotchinga chotchedwa FUSE, chomwe chimayamba chaona ngati wopemphayo ali ndi chilolezo. Pa vidiyo imodzi yaikulu simungaone kusiyana. Pa mauthenga a mawu 30,000 a pa WhatsApp, aliwonse a makilobaiti ochepa, kuchedwa kwakung'onoko kumaunjikana. N'chifukwa chake foda ya 2 GB ya tizinthu ting'onoting'ono imatha kuchedwa kulemba maina kuposa foda ya 15 GB ya mavidiyo a ukwati.

Chepetsani katundu musanayambe

Apa ndi pomwe pali phindu lalikulu kuposa pena paliponse. Musasankhe malo onse osungira a foni ngati foda imodzi. Anthu amachita zimenezi pofuna kuti chilichonse chipulumuke, koma m'menemo muli zinyalala za mapulogalamu ena zomwe zimasintha mphindi iliyonse, ndipo pulogalamu imangokhalira kuziwerenga mobwerezabwereza. Sankhani DCIM (foda ya zithunzi za kamera) payokha, Documents payokha, ndipo ngati mukufunadi za WhatsApp, pa mafoni atsopano zili mu Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media. Foda ya Databases ya WhatsApp isiyeni, chifukwa mafayilo ake amalembedwa mwatsopano kawirikawiri ndipo nthawi iliyonse amawerengedwa athunthu.

Kenako lembani zoti pulogalamu izilumphe. Zimenezi zimakhala mu fayilo yotchedwa .stignore, yomwe imaikidwa pamwamba penipeni pa foda. Nthawi yake ndi yofunika: ilembeni foda isanawonjezeredwe, kapena powonjezera foda mu Web GUI chongani Add Ignore Patterns kuti fodayo idikire mpaka mutamaliza kulemba. Mukailemba kusanthula kutayamba kale, maina onse amakhala atalowa kale pa mndandanda. Pa foda ya zithunzi, mizere itatu iyi ndi yokwanira:

.thumbnails
.trashed-*
.pending-*

Woyamba ukuchotsa tizithunzi tating'ono tomwe foni imadzipangira yokha poonetsa zithunzi. Wachiwiri ukuchotsa zomwe munafufuta koma zikadali mu bini ya foni. Anthu ambiri sadziwa kuti vidiyo yomwe anaifufuta sabata yatha ikadali pomwepo, yangosinthidwa dzina. Wachitatu ndi wa mafayilo omwe akadali kulembedwa. Pa foda ya Media ya WhatsApp onjezerani .Statuses, Sent, /WhatsApp Stickers, komanso /WhatsApp Voice Notes ngati mauthenga a mawu mulibe nawo ntchito. Za mu Sent ndi zomwe munatumizira anthu, zomwe kawirikawiri muli nazo kale mu DCIM.

Chenjerani ndi mizere yoyamba ndi chizindikiro cha !, yomwe imatanthauza kuti ichi chokha musachilumphe. Mzere wotere ukalembedwa mosatchula malo enieni, pulogalamu imakakamizika kulowa ngakhale m'mafoda omwe munailetsa, kukafufuza ngati muli chinthu chogwirizana ndi mzerewo, ndiye nthawi yomwe mumafuna kupulumutsa yapita. Dziwaninso kuti .stignore siitumizidwa ku chipangizo chinacho. Laputopu imafuna yakeyake.

Pali nkhani ina yomwe imasokoneza ngakhale odziwa makompyuta. Tiyerekeze kuti nyimbo, mabuku ndi mavidiyo ophunzitsira a 25 GB ali pa laputopu ndipo mukufuna akhalenso pa foni. Ambiri amayamba akopera zonse kudzera pa chingwe cha USB, kenako n'kuwonjezera foda mbali zonse ziwiri. Njira imeneyi imagwira, ndipo mafayilo omwe zam'kati mwake n'zofanana satumizidwanso, koma foni iyenera kuwerenga 25 GB yonseyo kaye. Mukapanga foda yopanda kanthu pa foni n'kuilola kuti ilandire, kusanthula koyamba kumatha m'kuphethira kwa diso, chifukwa palibe choti iwerenge. Laputopu, yomwe ili ndi mphamvu, ndi yomwe imasanthula, ndipo foni imangotsimikizira chidutswa chilichonse pamene chikufika. Pa Wi-Fi yapafupi, njira yachiwiriyi kawirikawiri ndi yachidule. Kukopera pa chingwe kumakhala ndi phindu pokhapokha ngati zipangizozo zili kutali, mwachitsanzo foni ili ku Makhanga pomwe kompyuta ili pa boma ku Nsanje, pamene kutumiza kukanadya bandulo.

Memori khadi ndiye gwero la madandaulo ambiri. Chizindikiro cha Class 10 chimangolonjeza kulemba 10 MB pa sekondi pa fayilo yaitali, sichinena kanthu za tinthu ting'onoting'ono. Chomwe muyenera kuyang'ana ndi A1 kapena A2. Khadi la A1 limalonjeza kuwerenga malo osiyanasiyana ka 1,500 pa sekondi, la A2 ka 4,000, ngakhale kuti si mafoni onse omwe amatha kugwiritsa ntchito liwiro la A2. Makhadi otchipa opanda dzina, kapena a dzina lodziwika koma achinyengo, amayamba bwino kenako liwiro n'kugwa. Mukaona peresenti yaima pa fayilo imodzimodzi nthawi zonse, kaya pakutuluka uthenga wolephera kuwerenga, kayikirani khadilo musanaimbe mlandu pulogalamu. Kusanthula koyamba kumawerenga malo omwe mwina sanawerengedwepo chiwalembereni, ndiye ndi pomwe khadi lodwala limaululika. Ngati m'kati mwa foni muli malo, foda ya mafayilo ambiri ang'onoang'ono ikhale m'menemo, khadi lisungire mavidiyo.

Kutentha, tchaja ndi magetsi

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo foni imamva. Purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Kuwerengera SHA-256 ndi ntchito yosapumira, ndiye foni yomwe inayamba mwachangu masana pa Thabwa imakhala ikukwawa pakangotha mphindi zochepa. Ntchitoyi ichitike usiku kwambiri kapena m'bandakucha. Chotsani chikwama cha foni, iikeni pa simenti chagada kuti msana wake ukhudze pozizira, osati pa matiresi kapena pansi pa pilo. Sikirini izime.

Za tchaja zili ndi mbali ziwiri. Foni ikakhala pa batire lokha, sikirini itazima ndipo yangokhala osasunthidwa, Android imalowa m'tulo totchedwa Doze, momwe mapulogalamu ambiri amaimitsidwa. Ikakhala pa tchaja tulo timeneti sitibwera. Koma kutchaja batire lomwe latha kumatulutsa kutentha kwina, makamaka ndi matchaja achangu. Njira yabwino ndi kuyamba mwatchaja mpaka lidzaze, kuidikira foni kuti izizire, kenako n'kuyambitsa kusanthula ili pa tchaja pomwepo. Batire lodzaza limakoka moto wochepa, ndiye silitentha kwambiri.

Mu Settings ya foni, pitani pa Apps, musankhe Syncthing-Fork, ndipo pa Battery muike Unrestricted. Mafoni a Tecno, Infinix ndi itel, omwe ndi ambiri m'manja mwa anthu kuno, ali ndi zowonjezera zawo zopulumutsira batire zomwe zimatseka mapulogalamu ogwira ntchito kuseri. Muilole pulogalamuyi kudziyatsa yokha, komanso muikhome pa mndandanda wa mapulogalamu otsegula kuti isachotsedwe mukamayeretsa. Pa Samsung onetsetsani kuti siili pa mndandanda wa mapulogalamu ogonekedwa. Musaiwale chilolezo cha All files access.

Tsopano msampha womwe umagwira ambiri. Syncthing-Fork ili ndi Run Conditions, malamulo onena nthawi yoti iyake. Kusanthula sikufuna netiweki ngakhale pang'ono, koma ngati lamulo likuti iziyaka pa Wi-Fi pokha, magetsi akathima ndipo rauta yazima, pulogalamu yonse imaima pamodzi ndi kusanthula komwe. Chimodzimodzi ngati munasankha kuti izigwira ili pa tchaja pokha, ndiye batire la sola latha pakati pa usiku. Foni yomwe ikugawa hotspot nayonso siiwerengedwa kuti ili pa Wi-Fi, ndipo yomwe yalumikizidwa ku hotspot ya foni ina imaiona ngati Wi-Fi yolipira, yomwe imafuna chilolezo chakechake. Pa usiku wa kusanthula koyamba, pitani pa Status mukanikize batani loikakamiza kuyaka mosasamala malamulowo, m'mawa mubwezere momwe zinalili. Kuti bandulo ya Airtel kapena TNM isadyedwe mwangozi pa nthawiyo, zimitsani data ya foni.

Ikaima pakati, si kuti zonse zatayika. Zomwe yawerenga imazisunga m'magulumagulu pamene ikupita. Ikayakanso imabwereza kulemba maina kuyambira pachiyambi, ndipo fayilo yomwe inali pakati imayambidwanso. Pa zithunzi ndi nkhani yaing'ono. Pa vidiyo ya 3 GB, foni yomwe imatsekedwa mphindi zisanu zilizonse ikhoza kukhala pa fayilo imodziyo usiku wonse.

Zosintha za m'kati

Mu Web GUI, pa Actions kenako Advanced, muli zinthu zomwe anthu amathamangira poyamba, pomwe zimayenera kukhala zomalizira. Chomwe chili ndi phindu looneka ndi Hashers, chiwerengero cha mafayilo owerengedwa nthawi imodzi mu foda. Pa foni chiwerengerochi chimakhala chochepa dala kuti foni isamaume m'manja. Ngati foda ili m'kati mwa foni ndipo purosesa ndi ya mitima isanu ndi itatu (octa-core), kuika 2 kapena 3 kumathandiza. Kupitirira apo, nyengo yathu ino, mumangofulumizitsa kutentha ndipo liwiro limabwerera pomwe linali. Pa memori khadi siyani 1, popeza chochedwa ndi khadilo, osati purosesa. Mukamaliza bwezerani momwe zinalili.

Max Folder Concurrency, pa Options, ikhale 1 ngati mwawonjezera mafoda angapo nthawi imodzi pa khadi limodzi. Enawo adzalemba Waiting to Scan n'kudikira nthawi yawo m'malo molimbirana. Scan Progress Interval mukaiika pa -1, pulogalamu imayamba kuwerenga mafayilo ikangowapeza, osadikira kumaliza mndandanda, ndipo imagwiritsa ntchito RAM yochepa. Ndi zothandiza pa foni ya 2 GB, koma peresenti simuionanso. Case Sensitive FS musaikhudze. N'zoona kuti imachotsa ntchito ina yofufuza maina, koma malo osungira a Android sasiyanitsa Lipoti.pdf ndi lipoti.pdf, ndiye fayilo ina ikhoza kulembedwa pamwamba pa inzake.

Pali malire omwe palibe chosintha chingawadutse. Mapurosesa ambiri a ARM a 64-bit ali ndi malangizo apadera owerengera SHA-256 mwachangu, ndipo Syncthing imawagwiritsa ntchito. Mafoni ena otchipa, makamaka a Android Go, amayendera Android ya 32-bit, ndipo m'menemo masamu onsewo amachitika m'njira yaitali. Pa foni yotere, foda ya 30 GB imatenga nthawi yaitali, ndiye igaweni m'mafoda ang'onoang'ono, kuyamba ndi zofunika kwambiri.

Mtundu wa 2.0, womwe unatuluka mu Ogasiti 2025, unachotsa chidindo chachiwiri chomwe mitundu yakale inkawerengera pambali pa SHA-256, zomwe zinapepukitsa kusanthula. Unasinthanso nkhokwe yake ya zidindo kuchoka pa LevelDB kupita pa SQLite. Amene akuchokera ku mtundu wakale adzaona pulogalamu ikuchedwa kuyaka ulendo woyamba pamene ikusamutsa nkhokweyo. Kumeneko si kusanthula, ndipo musaitseke pakati.

Kusanthula koyamba kukatha, moyo umapepuka. Pulogalamu imangoyerekeza kukula ndi nthawi ya fayilo ndi zomwe inasunga, n'kuwerenga zokhazo zasintha. Watch for Changes, yomwe imaona fayilo ikangosintha, ikhale yoyatsa. Full Rescan Interval, nthawi yomwe imadutsa pulogalamu isanayenderenso foda yonse, imabwera pa masekondi 3,600. Pa foda ya zithunzi mukhoza kuikweza kufika pa 86,400, kamodzi pa tsiku. Kumbukirani kuti nthawi iliyonse pulogalamu ikayaka imayendera maina onse, ndiye malamulo oiyatsa ndi kuizimitsa pafupipafupi amadya batire kuposa kungoisiya.

Zofooka zake zilipo, ndipo sitingazibise. Zonse za pa sikirini ndi za Chingerezi cha akatswiri. Zipangizo ziwirizo ziyenera kukhala zoyaka nthawi imodzi. Pa hotspot nthawi zina sizionana zokha, ndiye mumayenera kulemba adiresi ya chinzakecho pamanja, kuyamba ndi tcp:// n'kumalizira ndi :22000. Choopsa kwambiri n'chakuti kufufuta nakonso kumatumizidwa. Mukafufuta zithunzi pa foni kuti mupeze malo, pa laputopu zimachokanso, ngakhale foda ya pa foni itakhala ya Send Only, yongotumiza osalandira. Yatsani File Versioning pa laputopu, musankhe Trash Can, kuti zofufutidwa zizikagwera mu .stversions. Amene akungofuna kupatsira mnzake mavidiyo kamodzi, Xender kapena Quick Share zimukwanira ndipo sizisanthula kanthu. Google Photos ndi yosavuta, koma imafuna bandulo pa chithunzi chilichonse ndipo malo aulere ndi 15 GB.

Zinthu zitatu zimakubwezerani ku kusanthula kwathunthu: kuchotsa foda mu pulogalamu n'kuiwonjezeranso, kukanikiza Clear data mu Settings ya foni, ndi kukopera mafayilo m'njira yomwe imasintha nthawi zawo. Clear data ndiye yoipitsitsa, chifukwa imafufutanso makiyi a chipangizo, ndipo laputopu siizindikiranso foniyo mpaka mutazilumikiza mwatsopano. Sungani zosintha zanu kudzera pa Import and Export ntchito ikangoyenda bwino. Mukaona uthenga woti folder marker missing, musathamangire kuchotsa foda. Ndiye kuti kafoda kobisika ka .stfolder sikakuoneka, mwina khadi lasuntha m'malo mwake kapena pulogalamu yoyeretsa foni yakafufuta pokaona ngati kopanda ntchito. Yambani mwatsimikiza kuti mafayilo anu onse alipo, chifukwa mukabwezera kafodako mu foda yopanda kanthu pulogalamu idzaganiza kuti mwafufuta zonse n'kuuza laputopu ichitenso chimodzimodzi. Akakhala kuti alipo, pangani kafoda ka .stfolder pamwamba penipeni pa fodayo, mukanikize Rescan, ndipo idzangoyendera maina osawerenganso zam'kati.